Selena sanatchuke chifukwa cha maliro

Mwezi wa Marichi ukamapita kumapeto, anthu akamakumbukira Selena Quintanilla, woimba wa ku Texas amene ankaimba m'Chisipanishi, funso limodzi silisowa: kodi mtsikanayu analidi wotchuka ali moyo, kapena ndi chipolopolo chimene chinamukweza? Ambiri ofunsa chonchi safunsa mwachipongwe. Anali ku America mu 1995, ankamvera wailesi tsiku lililonse, ankagula zimbale, koma dzina la Selena anayamba kulimva pa nkhani za madzulo a pa 31 Marichi, tsiku limene anawomberedwa pa motelo ya Days Inn mumzinda wa Corpus Christi ku Texas, ali ndi zaka 23 zokha. Ndiye amadabwa kuti munthu wotchuka akanawaphonya bwanji iwowo.

Akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Kwa munthu wapaulendo mwambiwu ndi woona. Koma amene amatunga pachitsimepo m'mawa uliwonse amadziwa kalekale kutalika kwa chingwe chimene amaponyamo. Selena anali kale pamwamba penipeni pa msika wake asanaphedwe, ndipo chimene imfa inachita ndi kukakamiza msika wina, wa olankhula Chingerezi, kuti utembenuke n'kuyang'ana. Umboni wake ulipo, bola munthu auwerenge mosamala, chifukwa miyeso imene anthu amathamangira kugwiritsa ntchito ili ndi zilema zake.

Pofuna kuyeza kutchuka kwa woimba amene anamwalira msanga, ntchito yoyamba ndi kulemba mzere pa tsiku la imfa yake n'kuika pambali zonse zimene zinadza pambuyo pake. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Chimbale cha Dreaming of You chinatuluka pa 18 Julayi 1995, patapita miyezi itatu ndi theka mwini wake ali m'manda. Filimu ya moyo wake, imene inatchukitsa Jennifer Lopez, ndi ya 1997. Nyenyezi yake pa Hollywood Walk of Fame ndi ya 2017, sewero la pa Netflix ndi la 2020, mphoto ya Grammy yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse ndi ya 2021. Zonsezi zichoke pa sikelo. Ngakhale pa nyimbo zinayi za m'chimbale cha Amor Prohibido zimene zinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa magazini ya Billboard wa nyimbo za Chisipanishi, imodzi, Fotos y Recuerdos, inafika pamenepo mu Epulo 1995, ndiye nayonso ichoke. Zitatu zinazo zinakwera iye akuona ndi maso ake. Zisanabwere zimenezi anali atafika kale pa nambala 1 kawiri, poimba limodzi ndi Álvaro Torres wa ku El Salvador komanso ndi gulu la Barrio Boyzz la ku New York.

Tikachotsa zonsezo, chotsala si chochepa. Selena anabadwa pa 16 Epulo 1971 ku Lake Jackson, ndipo anayamba kuimba ali mwana mu lesitilanti ya bambo ake, a Abraham Quintanilla. Bizinesiyo itagwa, banjalo linasamukira ku Corpus Christi n'kumadya za nyimbo basi: mchimwene wake A.B. pa besi ndi kupeka nyimbo, mkulu wake Suzette pa ng'oma, onse m'basi yakale akuzungulira maukwati, madansi ndi zionetsero za m'matauni a kumwera kwa Texas. Podzafika 1995 anali atakhala pa siteji zaka zoposa khumi. Mphoto ya woimba wamkazi wopambana pa Tejano Music Awards, mwambo wa mphoto za nyimbo za Tejano (nyimbo za anthu a ku Texas amene makolo awo anachokera ku Mexico), anayamba kuitenga asanakwanitse zaka 18, ndipo anaitenga zaka zambiri zotsatizana. Izi zinachitika m'nyimbo zimene zinali za amuna, za magulu ngati La Mafia, Mazz ndi Little Joe, m'mene okonza madansi ankakana poyera kulemba ntchito gulu lotsogozedwa ndi mtsikana poopa kuti holo sidzaza.

Funso lachiwiri ndi lakuti wotchuka kwa yani. Kalembera wa mu 1990 anapeza anthu pafupifupi 249 miliyoni ku United States, ndipo mwa amenewa ochokera ku mayiko olankhula Chisipanishi anali oposa pang'ono 22 miliyoni, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 11. Ku Texas anali kota ya anthu onse. Woimba atha kudziwika m'nyumba iliyonse ya anthu mamiliyoni amenewa koma osadziwika kwa mnansi wa kutsidya kwa msewu, chifukwa wailesi zawo ndi zosiyana, kanema wawo ndi wosiyana, masitolo ogulako nyimbo ndi osiyana. Munthu wa ku Ohio amene sankatsegula kanema wa Chisipanishi wa Univision kapena wailesi ya Tejano analibe njira yomumvera Selena. Kusamudziwa kwake ndi umboni wa mmene misikayi inalili yotalikirana, osati wa kukula kapena kuchepa kwa woimbayo.

Ndiye tifike pa manambala a malonda, chifukwa apa ndi pamene otsutsa amaima molimba. Amati tayang'anani Billboard 200, mndandanda waukulu wa zimbale zonse za m'dzikomo: Amor Prohibido inalowamo mu 1994 ili kumunsi, pa nambala 183, ndipo inadzakwera mpaka 29 iye atamwalira. Pa Hot 100, mndandanda waukulu wa nyimbo, sanalowemo ngakhale kamodzi ali moyo. Zonsezi n'zoona. Koma muyeso uyenera kufunsidwa kuti umawerenga chiyani.

Kuyambira mu 1991 Billboard inayamba kudalira makina a SoundScan. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi aka: wogula akafika pa kauntala, makina amawerenga timizere takuda tija ta kuseri kwa kaseti kapena CD, ndipo chiwerengerocho chimatumizidwa kulikulu sabata iliyonse. Njirayi inathetsa bodza lambiri la eni masitolo amene kale ankangotchula pafoni zimene akuganiza kuti zayenda malonda, ndipo itangoyamba, nyimbo za rap ndi za country zinalumpha pamndandanda chifukwa zinali zikuchepetsedwa. Chilema chake n'chakuti sitolo imene ilibe makinawo ndiye kuti kulibe. Masitolo akuluakulu a m'misika yamakono anali nawo. Koma nyimbo za Tejano zinkagulidwa kwambiri m'timasitolo ta m'makwalala a anthu ochokera ku Mexico, m'magolosale, m'misika yapanja ya kumapeto kwa sabata imene iwo amaitcha pulga, komanso patebulo la pakhomo la holo ya dansi. Malo ambiri otere makaseti ankagulitsidwa ndi ndalama ya m'manja, popanda makina. Onjezanipo makaseti ojambulidwa mwachinyengo, amene anali mbwee m'malire a Texas ndi Mexico, ndiponso malonda onse a ku Mexico amene sankawerengedwa n'komwe pa mndandanda wa ku America. Choncho nambala 183 ija ndi gawo lokhalo la malonda ake limene linadutsa pa makina. Kuti chimbale cha Tejano, cha Chisipanishi chokhachokha, chionekere pamndandandawo ndi gawo lokhalo, chinali chinthu chachilendo. Pa mndandanda wa zimbale za Chisipanishi, umene unakhazikitsidwa mu 1993, chinafika pa nambala 1 mu 1994, mpando umene Mi Tierra ya Gloria Estefan inali itaukhalira miyezi yambirimbiri.

Za Hot 100 n'zosavuta. Mndandandawu unkadalira wailesi zoulutsa m'Chingerezi ndi malonda a nyimbo imodziimodzi yogulitsidwa payokha. Wailesi zimenezo sizinkaika nyimbo za cumbia za Chisipanishi. Kudzudzula Selena kuti sanalowemo kuli ngati kudzudzula msodzi kuti sanapambane pa mpikisano wa alimi a fodya.

Okonda Selena nawonso ali ndi manambala awo osocheretsa, ndipo ayenera kuuzidwa. Mukamva kuti chimbale chake china chinapatsidwa platinamu kokwana makumi angapo, funsani kuti ndi platinamu iti. Bungwe la RIAA, limene limapereka ulemu umenewu potengera malonda a zimbale, lili ndi miyeso iwiri. Pa muyeso wamba, platinamu imodzi ndi zimbale 1,000,000. Pa muyeso wa nyimbo za Chisipanishi, umene unayamba mu 2000, platinamu imodzi masiku ano ndi 60,000. Ndiye platinamu 20 za Chisipanishi ndi 1,200,000, osati 20 miliyoni. Kuonjezera apo, m'zaka za m'ma 1990 RIAA inkawerenga zimbale zotumizidwa ku masitolo, osati zogulidwa ndi anthu, ndipo lero imaphatikizamo kumvetsera kwa pa intaneti. Nambala yotereyi, imene yakhala ikukula kwa zaka pafupifupi 30, siingatiuze zimene zinalipo mu Marichi 1995.

Umboni wina ndi wa makamu. Pa 26 Febuluwale 1995, patangotsala mwezi umodzi ndi masiku asanu kuti aphedwe, Selena analowa m'bwalo la Astrodome ku Houston atakwera ngolo yokokedwa ndi kavalo, atavala zovala zofiirira zonyezimira, akugwedezera dzanja anthu oposa 60,000. Atakwera pa siteji sanayambe ndi Chisipanishi. Anayamba ndi nyimbo za disko za Chingerezi za m'ma 1970 zolumikizidwa pamodzi, zimene anakula nazo, kenaka n'kutembenukira ku cumbia, bwalo lonse n'kumaimba naye mawu ndi mawu. Univision inaonetsa mwambowo pa kanema. Munthu woonera chithunzi chimenechi lero, mosaganizira zimene zinadzachitika, sangaone woimba amene akufunafuna mwayi.

Komabe nambalayi iyenera kugwiridwa bwino. Mwambowo unali mbali ya chionetsero cha ziweto ndi masewera okwera ng'ombe ndi akavalo chimene chimachitika ku Houston chaka chilichonse, ndipo tikiti imodzi inkalowetsa munthu ku masewerawo ndi ku nyimbo zomwe. Tsikulo linali lopatulidwira anthu a Tejano, ndipo Emilio Navaira, amene anali dzina lalikulu payekha, anaimbanso. Si onse 60,000 amene anabwerera Selena yekha. Chimene chili ndi mphamvu kwambiri pa nkhaniyi ndi chakuti okonza chionetserocho anamuitana zaka zitatu zotsatizana, 1993, 1994 ndi 1995, ndipo khamu linkakula. Anthu owerenga ndalama za pageti sabwereza kuitana munthu chifukwa chomumvera chisoni.

Apa ndi pamene pagona njira yodalirika kuposa zonse: yang'anani amene anaika ndalama zawo pa woimbayo iye akadali moyo. Maliro akachitika aliyense amanena kuti ankamudziwa ndipo ankamukhulupirira, koma mapangano osainidwa ali ndi madeti. José Behar wa kampani ya EMI Latin anamuona pa Tejano Music Awards mu 1989 n'kumulemba chaka chomwecho. Coca-Cola inamutenga mu 1989 kuti azitsatsa malonda ake kwa olankhula Chisipanishi, ndipo inakhala naye mpaka imfa. Mu 1993 kampani ya SBK, mlongo wake wa EMI pa nyimbo za Chingerezi, inasainirana naye pangano la chimbale cha Chingerezi, chinthu chimene akuluakulu a EMI anali atachikana poyamba ponena kuti ayambe wamanga maziko pa msika wake. Kuvomera kwawo kukusonyeza kuti mazikowo anali ataoneka. Mu 1994 iye mwini anatsegula masitolo awiri a zovala ndi saluni, Selena Etc., ku Corpus Christi ndi ku San Antonio. Dzina lake linali litafika pogulitsa zinthu zosakhudza nyimbo.

Grammy yake nayo ndi ya ali moyo. Anailandira pa 1 Marichi 1994 ku New York chifukwa cha chimbale cha Selena Live!, chimene anachijambula pamaso pa anthu ku Corpus Christi mu Febuluwale 1993. Koma mphotoyi inali ya gulu la zimbale za anthu a ku America ochokera ku Mexico, limodzi mwa magulu ambirimbiri amene owonera kanema wa Chingerezi sawalabadira. Chaka chotsatira Amor Prohibido inasankhidwa kupikisana nawo m'gulu lomwelo koma mphoto inapita kwa Vikki Carr. Ndiye Grammy ikutiuza kuti anzake a ntchito ankamudziwa. Siikutiuza kuti dziko lonse linkamudziwa.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri pa mbiri yake ndi Mexico. Selena anakula akulankhula Chingerezi. Chisipanishi anayamba kuchiimba poloweza katchulidwe ka mawu, bambo ake akumuwongolera, ndipo polankhula ankapunthwa. Ku Mexico anthu obadwira ku America amene salankhula bwino chinenerocho amanyozedwa, ndipo oimba a Tejano ambiri ankalephera kuwoloka mtsinje wa Rio Grande ndi nyimbo zawo. Iye anawoloka, makamaka kuyambira 1992 pamene Como la Flor inagwira moto, ndipo Monterrey unakhala ngati kwawo kwachiwiri. Chinsinsi chake chinali m'studio. A.B. anachepetsa kudalira akodiyoni ndi kayendedwe ka polka, kamene Tejano inatengera kwa Ajeremani ndi Acheki amene anakhazikika ku Texas, n'kuika patsogolo cumbia yoimbidwa ndi makibodi, yosakanizidwa ndi pop ndi reggae. Cumbia imavinidwa kuchokera ku Colombia mpaka ku Chicago, pamene polka ya Tejano imathera m'malire a Texas. Kusintha kumeneku ndi kumene kunakulitsa msika wake, ndipo kunachitika zaka zitatu imfa isanafike.

Izi sizikutanthauza kuti anali atafika paliponse. Msika wa nyimbo za Chisipanishi si umodzi. Ku New York ndi ku Puerto Rico kunkalamulira salsa ndi merengue, ku Miami kunali a Estefan, ndipo kumeneko Selena anali akungoyamba kutsegula zitseko. Nyimbo yake ndi Barrio Boyzz inali ya cholinga chimenecho. Poyerekeza ndi Luis Miguel, woimba wa ku Mexico amene ankadzaza mabwalo kuchokera ku Mexico City mpaka ku Buenos Aires, iye anali asanafike. Anthu amene amanena kuti mu 1995 anali wofanana ndi Madonna kapena Whitney Houston akumunamizira, ndipo sakumuthandiza, chifukwa bodza limodzi lotere limapatsa otsutsa mpata wokana ndi zoona zomwe. Atolankhani a Chingerezi amene anamutcha Madonna wa ku Mexico m'masiku a maliro analakwitsa kawiri: kuimba kwake kunali kwina, ndipo kwawo kunali ku Texas.

Chimodzimodzi ndi mawu akuti akanakhala moyo akanagonjetsa msika wa Chingerezi mosakayika, umboni wake n'kukhala Dreaming of You. Chimbalecho chinayambira pa nambala 1 pa Billboard 200, n'kugulidwa makope oposa 330,000 sabata yoyamba, koyamba kuti chimbale chokhala ndi nyimbo zambiri za Chisipanishi chitero. Koma si chimbale chimene Selena ankakonza. Pa nthawi ya imfa yake anali atamaliza nyimbo zochepa chabe za Chingerezi, ndipo kampani inadzaza mipata yotsala ndi nyimbo zake zakale ndi zina zokonzedwanso. Chinagulidwa ndi anthu olira ndi anthu ofuna kudziwa amene akuliridwayo. Malonda a chisoni ndi enieni, ndalama zake zimalowa ku banki, koma satiuza mmene chimbale chonse cha Chingerezi chikanayendera pa wailesi popanda maliro kumbuyo kwake.

Pali umboni wina wowawa wakuti dzina lake linakula msanga: linaposa manja amene ankaliyendetsa. Woimba wodzaza Astrodome ankakhalabe m'dera wamba la Molina ku Corpus Christi, moyandikana ndi makolo ake, ndipo bizinesi yonse inali m'manja mwa banja. Kalabu ya omutsatira inayambitsidwa mu 1991 ndi Yolanda Saldívar, namwino wa ku San Antonio amene anadzipereka yekha, ndipo pambuyo pake anapatsidwanso masitolo aja kuti aziyang'anira. Munthu mmodzi ankalandira ndalama, kusunga mabuku ndi kulemba macheke, popanda wina woyang'ana pambuyo pake, chimene ndi cholakwika choyambirira pa bizinesi iliyonse. Kumayambiriro kwa 1995 omutsatira anayamba kudandaula kuti analipira koma sanalandire kanthu. Banja linamufunsa Saldívar m'mwezi wa Marichi, ndipo tsiku limene Selena anaphedwa anali atapita kukatenga mapepala a ndalama. Khoti la ku Houston linamupeza Saldívar wolakwa pa mlandu wopha Selena mu Okutobala 1995 n'kumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse, ndipo pempho lake lotuluka linakanidwa mu Marichi 2025.

Zimene zinachitika m'masabata a maliro zimawerengedwa mozondoka. Anthu zikwizikwi amene anafola ku Corpus Christi pa 2 Epulo kudzaona bokosi lake sanamudziwe dzulo lake. Wailesi za Tejano zimene zinasiya mapulogalamu onse n'kumaika nyimbo zake usana ndi usiku zinali nazo kale nyimbozo pashelefu. Amene anadzidzimuka anali ena. Howard Stern, woulutsa mawu wa ku New York, ananyoza olirawo ndi nyimbo zawo pa wailesi, mpaka mkwiyo wa anthu unamukakamiza kuwerenga uthenga m'Chisipanishi. Magazini ya People sinakhulupirire kuti Selena angagulitse dziko lonse, ndiye inasindikiza zikuto ziwiri: nkhope yake ya ku Texas ndi madera oyandikana nawo, ndipo kwina konseko osewera a sewero lina lotchuka la pa kanema. Ya Selena inatha m'masitolo. Anatulutsa ina yapadera yomukumbukira, ulemu umene anali atapatsa Audrey Hepburn ndi Jacqueline Kennedy Onassis okha, nayonso inatha. Mu 1996 kampaniyo inayambitsa People en Español. Owerenga amenewo sanabadwe sabata ya maliro. Anali m'masitolo omwewo zaka zonsezo, akugula zina, popanda wowawerenga.

Patapita zaka 17 funso lomwelo linafunsidwanso, mawu ake osasintha. Jenni Rivera, woimba m'Chisipanishi wobadwira ku Long Beach ku California, anamwalira pa ngozi ya ndege pa 9 Disembala 2012 ali ndi zaka 43, atangoimba ku Monterrey. Nyumba zambiri zoulutsa nkhani m'Chingerezi zinayamba ndi kufotokozera owonera kuti mayiyu anali yani. Chaka chapitacho anali atadzaza Staples Center ku Los Angeles, bwalo limene atolankhani omwewo ankapitako kukaonera timu ya basiketibolo ya Lakers, ndipo masiku ochepa ngoziyo isanachitike kunali kutamveka kuti kampani ya kanema ya ABC ikumukonzera sewero lake la Chingerezi.